Ndemanga: ulendo wokaona linga lakale la dothi pa kaphiri ka kufupi ndi Nkhoma

Pali kagulu ka achinyamata a m'mudzi wina wa pakati pa Nathenje ndi Nkhoma, m'boma la Lilongwe, kamene kamalandira alendo ndi kuwatsogolera pamwamba pa kaphiri pomwe pali zotsalira za mudzi wakale wotchingidwa ndi linga la dothi. Ntchito yawo ndi yaing'ono ndithu: alibe ofesi, alibe galimoto, ndipo amapangana ndi alendo pa WhatsApp basi. Ndinayenda nawo m'chilimwe pamodzi ndi anzanga ochepa a mumzinda, ndipo ndikulemba ndemanga iyi kuti ena amene amva za ulendowu adziwiretu chimene ndalama yawo ikagule. Ulendowu ndi woyenera kuupita. Komabe chimene munthu amalipira kumeneko ndi diso la womutsogolera, pakuti popanda iye mlendo angathe kuponda pa linga lonselo n'kutsika phiri akunena kuti sanaonepo kanthu. Pa ntchito yophunzitsa mlendo kuona, achinyamatawa ndi akatswiri. Pa nkhani ya zaka za malowo, ya kafotokozedwe ka adani ndi ya kasamalidwe ka malowo, akadali ndi zoti akonze, ndipo zonsezi ndizifotokoza.

Dzina la kaphirika ndi la mudziwo sinditchula, chifukwa amfumu a pamalopo anatipempha kutero. Anatiuza kuti anthu ena akamva za mudzi wakale amaganiza kuti pansi pake pali chuma chokwiriridwa, ndipo amabwera usiku ndi makasu ndi mapiki. Maenje awo tinawaonadi pamwamba paja. Amene ali ndi chidwi chenicheni sangavutike kuwapeza achinyamatawa, popeza anthu otsogolera alendo okwera phiri la Nkhoma amawadziwa.

Kuchokera mumzinda, munthu amatsata msewu wa M1 wopita ku Dedza, kudutsa pa Nathenje, n'kukhotera kumanzere pa Kamphata ngati akulowera ku Nkhoma. Kenako pali kamsewu kafumbi kamene galimoto yaing'ono imadutsa bwinobwino m'chilimwe, koma kamene sindingalimbikitse munthu kulowamo mvula ikayamba. Amene alibe galimoto angakwere minibasi kudepoti, n'kutsikira pa Kamphata, kenako n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Mnyamata wotitsogolera tinamupeza akutidikira pamphambano pa nthawi imene tinagwirizana, ndipo asanatchule n'komwe za phiri anayamba watifikitsa kwa amfumu. Anagwada chapatali, naomba m'manja, n'kunena kuti, "Wawa amfumu, ndabwera ndi alendo ochokera kutauni, akupempha njira yakuphiri." Amfumu anatilonjera mmodzimmodzi, natiuza kuti, "Pitani bwino ana anga, koma mwala uliwonse muusiye pomwe mwaupeza." Ena a mumzinda amaona mwambo wotere ngati wochedwetsa, koma ine ndikuuwerengera pa zabwino za ntchitoyi. Paphiri paja panafera anthu ndipo ena anaikidwa m'mphepete mwake, choncho eni ake ayenera kudziwa amene wakwerapo.

Chikweza chake si chachikulu, moti munthu wathanzi amafika pamwamba ola lisanathe. Njira imadutsa m'minda, kenako imalowa m'katchire ka misuku ndi mitengo ina yophukira pa zitsa. Wotitsogolerayo ankayenda patsogolo akutichenjeza za chitedze, ndipo ankapumitsa gulu pamene aona kuti wina watsalira, asanapemphedwe.

Titatsala pang'ono kufika pansonga, anatiimitsa pamalo amene kwa ife anali tchire wamba, natifunsa ngati tikuona kusiyana kulikonse pakati pa nthaka imene tinaimapo ndi imene inali patsogolo pathu. Palibe amene anayankha. Iye sanafulumire kutiululira; anatipempha kuti tibwerere m'mbuyo pang'ono, tiwerame, ndipo tiyang'ane phirilo mopingasa dzuwa lili chakumbali kwathu. Apo m'pamene mthunzi unaonetsa mzere wautali wa dothi lotukuka, wokhota motsatira mapangidwe a phirilo, ndipo kunsi kwake kunali ngalande yosaya yoyenda limodzi ndi mzerewo. Kwa munthu wokulira kumunda, chinthucho chimaoneka ngati mtumbira wa mbatata umene mvula ya zaka zambiri yauphwasula, kungoti uwu ndi waukulu koposa ndipo umazungulira pafupifupi nsonga yonse. M'malo ena umafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, m'malo ena umangolekeza m'mawondo, ndipo kwina unatheratu. Diso likangoupeza kamodzi, siliutayanso, moti kuyambira pamenepo aliyense wa ife ankautsata yekha m'tchiremo. Kaphunzitsidwe kameneka, kolola mlendo kuti apeze chinthucho ndi maso ake, ndiko chuma chachikulu cha kaguluka.

Kamangidwe ka lingali anakafotokoza momveka bwino, ndipo apa m'pamene tinatenga nthawi yaitali. Omanga ankakumba ngalande mozungulira nsonga ya phiri n'kumaponya dothi lake chakumtunda, mkati, kotero kuti ntchito imodzi inkabala zotchinga ziwiri: dzenje kunja ndi khoma mkati. Mdani wochokera kunsi, yemwe watopa kale ndi chikweza, ankayenera kutsikira m'ngalande kaye asanayambe kukwera khoma, ndipo kutalika kumene ankakumana nako kunali kwa ngalande ndi khoma kuphatikiza pamodzi. Pamwamba pa khomalo ankazikapo mitengo yothithikana, ndipo m'mbali mwake ankabzalamo nkhadze, imene utomoni wake woyera umatentha maso koopsa, moti munthu woitema mwaliwiro ndi nkhwangwa amadzivulaza yekha. Nkhadze ikadalipo m'zigawo zina za mzerewo. Wotitsogolerayo anachita bwino kunena kuti imene ilipo leroyi iyenera kukhala yophukira kuchokera ku yakaleyo, osati yomweyo imene anabzala makolo. Anatifotokozeranso chifukwa chake khomalo lili lalifupi chonchi masiku ano. Mitengo itawola ndi kudyedwa ndi chiswe, mvula inayamba kukokolola dothi la pamwamba n'kumalibwezera m'ngalande momwe linachokera, choncho khoma linkafupika pamene ngalande inkakwiririka. Umboni wake ndi wakuti udzu wa m'ngalandemo unali ukadali wobiriwirako pamene wa m'mbali unali utauma, chifukwa dothi lofewa lokokolokeramo limasunga chinyezi kuposa nthaka yolimba ya phirilo.

Zinthu ziwiri zinandionetsa kuti omangawo ankaganiza mozama. Choyamba, kumbali imene kuli thanthwe lotsetsereka kwambiri sanataye mphamvu kukumba. Khoma limafika pathanthwe n'kuthera pomwepo, kenako limayambiranso tsidya lina. Anthu amene ankagwira ntchito ndi makasu osula okha ndi madengu, ali ndi mantha ndiponso mwina ali ndi njala, sakanamanga pamene mwala unawamangira kale. Chachiwiri ndi chipata. Nsonga ziwiri za khoma sizikumana maso ndi maso, koma imodzi imapitirira inzake, n'kusiya kampata kopapatiza koti munthu mmodzi yekha adutse atakhota. Wotitsogolerayo anatidutsitsa mmodzimmodzi, natipempha kuti tiyerekeze kuti tanyamula chishango kudzanja lamanzere, monga ankhondo ankanyamulira. Tinapeza kuti polowa pakampatapo mbali yakumanja ya thupi, yopanda chotchinga, ndiyo imayang'ana kukhoma kumene kunkaima eni mudzi ndi mauta awo. Mfundo imeneyi munthu angaiwerenge kwina n'kuiiwala, koma akaimva ndi thupi lake paphiri imamukhalira m'mutu.

Mkati mwa lingamo malo ndi ochepa kwambiri, ndipo zimenezi zinandikhudza kuposa khoma lenilenilo. Pali timabwalo tosalazidwa m'chitsetserekocho pomwe panali nyumba, toyandikana moti tsindwi la banja lina liyenera kuti linkakhudzana ndi la anzawo. Pena pali zibuma za dothi lopsa zokhala ndi zipsera za mitengo, zosonyeza khoma la nyumba yomata imene inapsa ndi moto. Pali miyala yoikidwa mozungulira imene anati inkachirikiza nkhokwe, pali dzala la phulusa lodzaza ndi mapale, ndipo pathanthwe pali timaenje tosalala pomwe amayi ankaperapo mawere ndi mapira. Chapafupi pomwepo pali mizere ya timaenje ta bawo togobedwa pamwala, umboni wakuti ngakhale m'masiku amantha anthu ankapezabe mpata wosewera. Koma madzi mulibe. Kasupe ali kunja kwa khoma, chakumunsi, ndipo wotitsogolerayo sanabise kuti apa ndi pamene panali kufooka kwa mudziwu. Linga lotere linkatha kubweza gulu lofika mwadzidzidzi m'bandakucha, lofuna kulanda msangamsanga n'kumapita, koma silikanapirira mdani wokhala pansi n'kudikira kuti mitsuko iume. Minda nayonso inali kuchigwa, choncho tsiku lililonse la ntchito linkafuna kuti anthu atuluke m'linga, ena atatsala pansonga kuyang'anira fumbi la anthu obwera.

Munthu akaima pansongapo amaona phiri la Nkhoma ndi chigwa chonse, ndipo mbiri ya deralo imamveka mosavuta. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo m'zaka zotsatira magulu awo anafalikira m'dera lino. Gulu lina la Angoni, la a Maseko, linadzakhazikika cha ku phiri la Domwe m'zaka za m'ma 1870, pamene Angoni a Chiwere anali ku Dowa, moti chigwa cha Lilongwe chinali pakati pa awiriwa. Nthawi yomweyo malonda a akapolo anali atakula, ochokera kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kwa mafumu ena achiyao. Achewa ambiri anathawira m'mapiri kapena kumanga malinga. Anthu a mfumu Mazengera anakwera phiri la Nkhoma, ndipo amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, amene anali atayamba ntchito ku Mvera mu 1889, anawapeza ali komweko pamene ankatsegula mishoni ya Nkhoma mu 1896. Ku Kasungu, mfumu Mwase inali ndi linga lolimba ndi mfuti, ndipo m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu mukadali zotsalira za midzi yotchingidwa pamodzi ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo. Nyengo imeneyi inatha mofulumira dziko litakhala pansi pa ulamuliro wa Britain mu 1891: Mwase anagonjetsedwa kumapeto kwa 1895, Gomani, mfumu ya Angoni a Maseko, anaphedwa mu 1896, ndipo Angoni a Mpezeni anagonja mu 1898. Nkhondo zitazilala, panalibenso chifukwa chokhalira mothithikana kutali ndi madzi, choncho anthu anatsikira kuchigwa n'kusiya makoma awo kwa mvula. Zambiri mwa izi wotitsogolerayo anazifotokoza molondola, ngakhale kuti zaka zina ankazidumpha.

Vuto loyamba lili pa msinkhu wa malowo. Titamufunsa kuti lingali linamangidwa liti, anayankha kuti lili ndi zaka zoposa chikwi, pomwe nkhani yonse imene anali atangotiuza inali ya Angoni, amene anafika kuno m'zaka za m'ma 1800. Zinthu ziwirizi sizingakhale zoona nthawi imodzi. Ndikumvetsa chimene chimamukoka kutero, pakuti alendo ena amasangalala akamva nambala yaikulu, koma mbiri ya malowa ndi yolemera kale ndipo siisowa kuikometsera. N'zotheka ndithu kuti paphiri limodzi pakhale anthu kangapo pa nyengo zosiyana, moti mapale ena a pa dzala akhoza kukhala akale kuposa khoma. Akatswiri ofukula zakale m'Malawi amasiyanitsa mbiya potengera milomo yake ndi zokongoletsa zake: za mtundu wa Nkope ndi za alimi oyambirira osula chitsulo, amene anafika m'zaka mazana oyambirira Yesu atabadwa, pamene za mtundu wa Mawudzu zimayendera limodzi ndi nthawi ya Amaravi, monga zimene Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, pamodzi ndi mikanda ndi katundu wina wochokera kutsidya kwa nyanja. Koma zaka za khoma la dothi zimadziwika pokhapokha akatswiri atalidula mwadongosolo n'kupima makala opezeka pansi pake. Yankho loyenera kwa mlendo ndi lakuti makolo a m'mudzimo amati lingali ndi la nthawi ya nkhondo za m'ma 1800, ndipo kamangidwe kake kakugwirizana ndi zimenezo. Yankho lotere ndi lokwanira, ndipo limapatsa ulemu mlendo ndi makolo omwe.

Vuto lachiwiri ndi la kafotokozedwe ka adani. Pofuna kuti nkhani ikome, mnyamatayo ankawatchula Angoni ngati anthu opanda chifundo amene ankangokonda magazi, ndipo Achewa ngati osalakwa ongothawa. M'gulu mwathu munali mayi wina wa ku Ntcheu, ndipo ndinaona kuti anasiya kufunsa mafunso. Kuvutika kwa anthu amene anabisala paphiri paja n'koona ndipo kuyenera kunenedwa mosabisa. Koma n'zoonanso kuti m'magulu a nkhondo a Angoni munali Achewa ambiri, ogwidwa ali ana kapena odzipereka okha, ndiponso kuti mafumu ena achichewa ankamenyana okhaokha ndi kugulitsa anzawo kwa amalonda a akapolo. Linga silinkamangidwira mdani mmodzi yekha. Angoni a Maseko anakwatirana ndi Achewa kwambiri mpaka Chichewa chinakhala chilankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku, choncho mlendo wochokera ku Lilongwe lero angathe kukhala mdzukulu wa amene anali mkati mwa khoma ndi wa amene anali kunja kwake. Wotsogolera alendo ayenera kulankhula akudziwa zimenezi.

Vuto lachitatu ndi limene landidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa likapitirira sipadzakhalanso choti alendo akaone. Titafika pa dzala, mmodzi wa achinyamata othandizira anatola phale lokongoletsedwa n'kupatsa mnzathu wina kuti atenge ngati chikumbutso. Anachita zimenezo ndi mtima wabwino wolandira mlendo, koma zinali zosemphana ndi mawu a amfumu, ndipo mnzathuyo analibweza pamalo pake. Phale likachoka pomwe lili limataya pafupifupi zonse zimene likanauza katswiri, ndipo ngati mlendo aliyense atatenga limodzi, dzala lonselo lingathe m'zaka zochepa. Komanso lamulo la Monuments and Relics Act sililola munthu kufukula kapena kuchotsa zinthu zakale popanda chilolezo. Chinanso n'chakuti njira imene alendo amatsata mkatimo imayenda pamwamba penipeni pa khoma kwa mtunda wautali, ndipo mapazi ayamba kale kupanga kanjira kamene madzi a mvula adzakatsata. Onjezani moto wolusa wa chaka ndi chaka, maenje a osaka mbewa, odula mitengo ya makala amene akukwerakwera, ndi munda wina umene mizere yake yafika pamlomo pa ngalande. Kaguluka sikangathetse zonsezi, koma kangathe kusuntha njira kuti idutse m'mbali mwa khoma, kangathe kuletsa kutola mapale, ndipo kangathe, mothandizana ndi amfumu, kukadziwitsa nthambi ya boma ya Museums and Monuments za malowa kuti ayezedwe ndi kulembedwa.

Titatsika, ulendo unapitirira ndi gawo limene sindinkaliyembekezera kuti lingakhale lofunika chotere. Anatikhazika pakhonde la agogo ena aakazi amene amasunga nkhani za paphiripo, ndipo wotitsogolerayo, atakhala pansi chapambali, anati, "Agogo, alendowa abwerako kuphiri, tawauzeniko zimene ankakuuzani agogo anu." Agogowo sanalankhule za mikondo. Analankhula za amayi amene ankatsikira kukasupe usiku ali chete, za makanda amene ankawayamwitsa mosalekeza kuti asalire, za utsi umene unkabisidwa, ndi za mavuto a kudzithandiza ndi matenda pamalo opanikizana chotero. Zimene tinaona pamwamba ngati timabwalo ndi timaenje zinakhala ndi eni ake m'nkhani yawoyo. Ndikupempha kaguluka kuti kajambule mawu a agogowa pa foni, atavomereza okha, ndipo kawasunge bwino, chifukwa zimene akudziwa sizili pa dothi kapena pa mwala. Chakudya chinali nsima ya mgaiwa, nkhuku ya lokolo, nyemba ndi mfutso wotendera, kenako thobwa la mawere. Chinali chotentha, chokwanira ndiponso chophikidwa mwaukhondo, ndipo madzi osamba m'manja anabwera ndi sopo. Madzi akumwa aliyense anyamule ake.

Amene anaonapo zithunzi za malinga a dothi a kumaiko ena asayembekeze zofanana. Maiden Castle, ku Dorset m'dziko la England, anayamba kumangidwa cha m'ma 600 Yesu asanabadwe, ndi wamkulu pafupifupi mahekitala 19, ndipo katswiri wofukula zakale Mortimer Wheeler anafukulapo m'zaka za m'ma 1930. Kaphiri kathuka ndi kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi malo amenewo, ndipo ndi ka posachedwapa. Koma phunziro lake likutikhudza: makoma a dothi a kumeneko akhala zaka zoposa zikwi ziwiri makamaka chifukwa akutidwa ndi udzu wosalimidwa, umene mizu yake imagwira nthaka. Kuteteza linga lotere sikulira simenti kapena ndalama zambiri, kumangolira kuti khasu, moto ndi mapazi zitalikire. Kuno kwathu zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene UNESCO inazizindikira mu 2006 ndipo zili m'malo 127, zimalandira alendo chifukwa aliyense amaziona n'kuzijambula mosavuta. Linga la dothi silituluka bwino pa chithunzi cha foni, n'chifukwa chake ntchito ya achinyamatawa ndi yofunika: m'dera limenelo ndi iwo amene akuchititsa kuti anthu aone mzere wa dothiwo ngati chinthu choyenera kusungidwa.

Mtengo wake ndi wofikirika kwa munthu wa pantchito mumzinda, ndipo anatifotokozera momveka tisananyamuke kuti gawo lina limapita kwa otsogolera, lina kwa ophika, lina kwa agogo aja, ndipo lina ku thumba la mudzi. Palibe anatipempha ndalama ina yapadera m'njira. Risiti sapereka, ndipo zimenezi angachite bwino kukonza ngati akufuna kulandira masukulu ndi mabungwe. Alibenso kabokosi ka mankhwala a chithandizo choyamba, chinthu chofunika pamalo a miyala, minga ndi njoka, ndipo chimbudzi chili kumudzi kokha, kuphiri kulibe. Kapepala kamodzi kojambulidwa mapu a lingalo, kosonyeza khoma, ngalande, chipata ndi kasupe, kangathandize kwambiri, makamaka ana asukulu amene amaphunzira za nkhondo za Angoni m'kalasi koma sanaimepo pamalo pomwe zinachitikira. Aphunzitsi a mbiri a m'masukulu a sekondale a mu Lilongwe ndi amene ndikuwalimbikitsa kwambiri kupitako, malinga gulu likhale laling'ono, chifukwa anthu ambiri nthawi imodzi angawononge khomalo. Okalamba ndi amene ali ndi vuto la mawondo angakhale kumudzi n'kumvera agogo aja, ndipo sadzakhala atapita pachabe.

Nthawi yabwino ndi kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala, udzu utauma ndi kugwa, pakuti m'dzinja tsekera amakwirira zonse. Nyamukani mumzinda kusanache kuti mukafike pamwamba dzuwa likadali pansi, chifukwa likafika paliwombo mithunzi imatha ndipo khoma limasowanso m'maso. Valani nsapato zotseka ndi zovala zofunda miyendo, ndipo amayi anyamule chitenje chovala pokaonekera kwa amfumu. Uthenga wopangana tsiku utumizidwe kukadali masiku angapo kuti amfumu, agogo ndi ophika adziwitsidwe, ndipo muimbenso foni madzulo a tsiku loti mawa lake munyamuka, chifukwa m'mudzimo mukagwa maliro palibe amene amakwera phiri.